Njovu Sizifuna Phokoso

"Ndikufunsa kachiwiri, mawondo awa ndi a ndani?"

Bhuwan anali atagunditsa foni pamphuno pa mkazi wake. Hansi anasansa ufa wa mawere m'manja, nakankhira foniyo patali pang'ono kuti aone bwino. Pachithunzipo panali mtengo, ndipo mumtengomo munali mkazi atakwinyira m'ntchafu sari yake, nsalu yaitali yovala akazi akumeneko, zenga lili m'manja, kukamwa kuli yasa. Pansi pa mtengo panali amayi ena atakhalira mitolo ya udzu, wina akusuta kandudu.

"Ndi anga," anatero Hansi. "Mwakhala nawo m'nyumba muno zaka zonsezi osawadziwa?"

"Usandiseke iwe. Chithunzichi chazungulira mafoni onse a ku tiyirumu kwa Girish. Ndikulowa muja anthu angoti zii, kenako wina n'kundifunsa ngati ndinakwatira mkazi kapena pusi."

"Nanga kwa Girish chinafikako bwanji, bambo a Mamta? Kamera ndi ya bungwe, kakhadi kake mumakachotsa ndinu. Kapena chinamera miyendo?"

"Ndimangoonetsa anzanga mmene ntchito yanga imayendera. Sindinadziwe kuti mkati mwake ndipezamo manyazi a m'nyumba mwanga."

Ntchito ya Bhuwan inali yoyang'anira makamera. Kumtunda kwa mudzi kuli nkhalango, kutsidya kwa mtsinje kuli ina, ndipo pakati pake panali busa la mudzi. Anthu a bungwe lina anabwera, nanena kuti busalo kale inali njira ya njovu. Anadzalamo mitengo kuti nkhalango ziwirizo zilumikizane, naika chikwangwani kumsewu kuti aliyense adziwe, kupatula njovuzo poti siziwerenga. Mitengo itakula anamangiriramo makamera aja amajambula okha chinthu chikangodutsa, kuti opereka thandizo aone ndi maso awo kuti njira ikugwira ntchito. Makamerawo anajambula apusi, agwape, agalu, ndi akazi a m'mudzi omweta udzu, kumaso ndi kumbuyo komwe. Njovu sanajambule ngakhale mchira.

Pakhonde anatsokomola a Diwan Singh, bambo ake a Bhuwan, ndipo Hansi anakokera sari kumaso monga mwa mwambo. Mkuluyo sankalankhula ndi mpongozi wake mwachindunji. Mawu ake ankadzera mwa mwana wake, ngakhale onse atatu atakhala moyandikana.

"Muuze mkazi wako kuti ine ndinali msilikali. Dzina langa ndinalisunga kumalire a dziko, kozizira koopsa, ndiye lisadzathere mumtengo."

"Auzeni abambo," anatero Hansi akuyang'ana khoma, "kuti njati yawo yamkaka ili m'kholayo imadya masamba, ndipo masamba amamera m'mwamba. Ndi sari yofika m'zidendene munthu sakwera mtengo. Ngati ali ndi njira ina andiuze, nditsata."

A Bachuli, apongozi ake aakazi, anali pafupi akusankha nyemba zakuda m'lichero. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Inenso ndinakwera mitengo moyo wanga wonse, mawondo ali pamtunda, ndipo mkaka munkamwa osafunsa."

"M'masiku ako mitengo inalibe maso," anayankha a Diwan Singh.

Bhuwan anaika foni m'thumba nakhala pampando. Mawu ake anatsika, ndipo Hansi anadziwa kuti nkhani yeniyeni ikubwera tsopano.

"Si za mawondo zokha. Makamera atsopano aja amatola ndi mawu omwe. Madamu a kubungwe amvetsera. Akuti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka m'nkhalango mumangomveka nyimbo, ndipo woyambitsa ndiwe. Akuti njovu sizifuna phokoso, n'chifukwa chake sizikudutsa."

"Apo ndiye madamuwo sakunama," anatero Hansi. "Nanga mumayesa timaimbira chiyani? Kukoma kwa banja? Timaimba kuti njovu imve kuti kuno kuli anthu, ipatuke. Iyo izidzera kwake, ife kwathu."

"Ndiye mwatseka njira yonse ndi pakamwa. Tamvera. Mvula ikayamba kulibe chithunzi cha njovu, makamera achotsa, ine ndibwerera kokaswa miyala kumtsinje. Alonda a nkhalango nawonso anena kale kuti phokoso likapitirira ayamba kulanda mazenga, sipadzakhalanso mkazi womweta udzu mmenemo. Usankhe wekha, nyimbo kapena udzu."

"Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame, mwana wanga," anatero a Bachuli.

"Njovu yake iti, amayi? Ndiyo ndikuifunayo."

Mlandu anaugamula a Diwan Singh, akuyang'ana kuphiri. Kuyambira mawa sari ifike pansi, nkhope ifundidwe, pakamwa patsekedwe. Hansi anabwerera ku ufa wake ndi mtima wowawa. Chapati cha tsiku limenelo chinali cholimba, ndipo palibe anayerekeza kudandaula.

M'mawa mwake amayi anakumana pamlatho monga mwa masiku onse, zingwe zili m'chiuno. Zinaoneka kuti mlandu wa pakhomo pa Hansi unazengedwanso m'makomo ena. Khimuli, uja anajambulidwa ndi kandudu, anabwera diso litatupa.

"Wagwa?" anafunsa Hansi.

"Ndagwera pa chibakera cha bambo a kunyumba. Akuti ndudu ndi za amuna. Ndawafunsa ngati diso lotupa ndi la akazi, andionjezera."

Anaseka, koma chapansipansi. Nkhalango ija kwa iwo kunali ngati kwa amayi awo. Ndiko mkazi ankavundukula nkhope, kutambasula miyendo, kunena apongozi ake mpaka mtima kupepuka. Ndiko ankaimba nyimbo za kumudzi kumene anabadwira, za mchimwene wochedwa kudzamutenga, ndi zina zoti mwamuna atazimva akhoza kutsamwa tiyi. Tsiku limenelo analowamo ngati akulowa m'nyumba ya maliro. Atafika pamtengo woyamba wa kamera, onse anakokera nsalu kumaso, ndipo Khimuli anaphatikiza manja naweramira kabokosiko.

"Mwadzuka bwanji apongozi? Onani, lero ndine mkazi wabwino. Mukapereke moni ku tiyirumu."

"Chete iwe," anamudzudzula wina. "Kamamva."

Hansi sankadziwa kale kuti nyimbo inkagwira ntchito zingati mpaka italekeka. Nyimbo inkawamanga pamodzi. Wina akakhala kuseri kwa chitsamba, mawu ake ankanena pamene ali, ndipo akasiya kuvomera anzake ankadziwa kuti pali kanthu. Tsopano aliyense ankangosowa muudzu payekha. Poti kukwera mitengo kunaletsedwa, masamba anasowa, ndiye udzu unkafunika wochuluka. Udzu wa pafupi ndi njira unali pamaso pa makamera, ndipo palibe mkazi ankafuna kuwerama kamera ili kumbuyo kwake. Choncho ankatsikira kukhwawa, kumene nsenjere zimapitirira munthu kutalika.

Panapita masabata. Njati inachepetsa mkaka, ndipo a Diwan Singh anauza mwana wawo kuti auze mkazi wake kuti tiyi wayamba kuoneka ngati madzi otsukira mbale. Hansi anamva, nameza. Masiku amenewo ankangomeza zinthu.

Tsiku lina anabwerako dzuwa lili pamutu, mtolo uli wosakwana. Anauponya m'khola napita kumene Bhuwan ankapukuta nsapato zake za kuntchito.

"Bambo a Mamta, kukhwawa kuli ndowe."

"Ndowe za chiyani?"

"Za nkhuku. Mukuganiza ndingathamange chonchi chifukwa cha ndowe za chiyani? Za njovu, zikutuluka nthunzi. Pali mapazi aakulu ndi ena aang'ono. Ili ndi mwana."

Bhuwan anadzambatuka, nsapato ili m'manja. Hansi anali asanaonepo nkhope ya mwamuna wake ikuwala chotero, ngakhale tsiku limene mwana wawo Mamta anabadwa.

"Ndi mwana? Ukunena zoona? Madamu amati chithunzi cha njovu ya mwana ndiye chimaposa zonse, chimasonyeza kuti zayamba kukhulupirira njirayo. Pati penipeni? Pamkuyu paja kapena kumunsi?"

"Mwandimva koma? Ndikuti njovu ya mwana ili pamene timamweta."

"Ndakumva. Ndipita pompano ndikasamutsireko kamera imodzi."

"Tiloleni tiziimba kukhwawa kokhako. Kumtunda tizikhala chete, sari ifike pansi, zonse ndavomera. Koma m'nsenjere muja munthu saona patsogolo pake. Njovu ikakumva uli patali imachoka yokha. Ikakuona mwadzidzidzi mwana ali pambali, sifunsa kuti ndiwe mkazi wa ndani."

"Panopa ndiye musayerekeze n'komwe. Nsomba yangoyamba kulawa nyambo, iwe ukufuna kuponya mwala m'madzi?"

"Nyambo yake ndi ndani?"

Bhuwan anaseka ngati wamva nthabwala, namugwira paphewa. Sanali munthu woipa mtima, ndipo izi ndi zimene zinkamupweteka kwambiri Hansi. Akanakhala wankhanza ngati mwamuna wa Khimuli bwenzi akudziwa pomuda. Koma uyu anali munthu amene anaswa miyala mpaka zikhadabo kuthothoka, kenako n'kupatsidwa chipewa ndi nsapato, ndipo tsopano ankaopa mtsinje uja kuposa china chilichonse.

"Masiku ochepa okha, mayi a Mamta. Chithunzi chikapezeka, ndikalankhula ndi madamu. Njovu ndi nyama yanzeru, siponda munthu wosaiputa."

"Chakudza sichiimba ng'oma," anatero a Bachuli ali pakhomo la khola.

"Amayi, inu miyambi simutopa nayo?"

"Ndikanakhala ndi china chokuponyera ndikanakuponyera."

Hansi ananena kuti mawa sapita. Mawa litafika njati inayamba kulira m'khola, ndipo a Diwan Singh anauza mwana wawo kuti auze mkazi wake kuti njati sidya nkhani. Mamta anali akumangira mabuku ake a kusukulu, akudikira mkaka. Hansi anatenga zenga ndi chingwe.

Kukhwawa kunali bata. Khimuli analowera kumanzere, ena kumanja, ndipo posakhalitsa nsenjere zinawameza onse. Hansi anaona kamera ija itamangidwa pamkuyu, diso lake litayang'ana kumadzi. Anafunda nkhope, naizungulira kumbuyo, nakayamba kumweta chakumunsi. Sari inkakokera mame ndi matope, ikulemera m'miyendo. Anamweta, namanga, namwetanso.

Chimene anayamba kumva ndi fungo. Kenako nsenjere za patsogolo pake zinagwedera popanda mphepo, ndipo panatulukira kamwana ka njovu, kaubweya pamutu, kakugwedeza chitamba ngati sikakudziwa ntchito yake. Kanamuyang'ana. Hansi anadziwa chochita, anachidziwa kuyambira ali mtsikana, koma chinayenera kuchitika kale, ali kumtunda. Anatsegula pakamwa kuti aimbe. Kunangotuluka kamphepo.

Mayi wa kamwanako anatulukira kumbuyo kwake, makutu atatambasula. Hansi anataya zenga nathamangira kumkuyu. Mtengo umenewo anaukwerapo kambirimbiri, ndipo nthambi yoyamba ankaidziwa ngati khomo la nyumba yake. Anaigwira ndi manja onse awiri, koma mwendo utati ukwere, sari yonyowa ija inaumanga. Anayesanso. Kenako anamva ngati khoma lamugwera.

Anzake anamva kulira kwa njovu, koma sanadziwe kuti Hansi ali mbali iti. Anamufunafuna nthawi yaitali, akuitana dzina lake. Apo ndiye anafuula ndithu, lamulo analiiwala.

Kuchipatala cha m'tauni anamusunga masabata angapo. Madokotala anati ali ndi mwayi, njovu inangomukankha ndi kumuponda kamodzi, nibwerera kwa mwana wake. Chiuno anachilumikiza ndi zitsulo. Anati adzayenda ndi ndodo, koma mtolo sadzasenzanso, ndipo za mitengo aiwale. Hansi ankamva mawu oti mwayi kwa aliyense wolowa m'chipindamo mpaka anayamba kudana nawo.

Anamubweretsa kunyumba madzulo ena, namugoneka pabedi la zingwe pafupi ndi zenera. M'mawa mwake anadzutsidwa ndi mawu a a Diwan Singh pakhonde, akucheza ndi mnzawo wina wodzazonda.

"Mulungu amadziwa kukonza zinthu. Zopweteka inde, koma tsopano mpongozi azikhala pakhomo ngati akazi a m'mabanja aulemu."

Hansi anatembenukira kukhoma. Misozi inatsikira m'khutu, ndipo sanaipukute.

Bhuwan analowa atanyamula kapu ya tiyi. Anali atavala malaya atsopano obiriwira, a chizindikiro cha bungwe pachifuwa. Anawonda masabata amenewo, ndipo kuchipatala ankagona pansi pafupi ndi bedi lake. Anamuthandiza kudzuka, namuikira pilo kumsana, namugwirira kapu mpaka atamwa. Kenako anakhala m'mphepete mwa bedi akusisita mawondo ake, ngati munthu amene ali ndi uthenga wabwino koma akusowa poyambira.

"Madamu akupereka moni. Anadandaula kwambiri, mpaka analira. Akuti bungwe lithandiza pa za chipatala."

"Muwathokoze."

"Ntchito andionjezera. Makamera sachotsanso, abweretsa ena. Akuti njira yathu ndi imodzi mwa zochepa zimene zaonetsa umboni. Kubwera alendo ochokera kutali mwezi wamawa."

Bhuwan anatulutsa foni, naigwira kanthawi, kenako anaipereka kwa Hansi. Pachithunzipo panali njovu yaikulu, makutu ali tambalale, chitamba chili m'mwamba, kamwana kali pakati pa miyendo yake. Kuwala kwa m'mawa kunagwera bwino pansenjere. Chinali chithunzi chokongola, Hansi sakanatha kukana. Kumanja kwake chinathera mwadzidzidzi, pafupi ndi tsinde la mkuyu.

"Chimenechi achiika pachikwangwani cha kumsewu," anatero Bhuwan. "Koma usadandaule. Ndinawapempha ndekha, ndipo anamvetsa. Mbali imene unali iwe adula. Suonekamo ngakhale chala. Kwa Girish palibe anganene kanthu."

"Mwachita bwino," anatero Hansi. "Sari inali pansi?"

"Inali pansi. Abambo ndinawauza."

Anamubwezera foni. Kunja dzuwa linali litakwera, nthawi imene amayi amakhala atawoloka kale mlatho. Hansi anatchera khutu, koma kuchokera kunkhalango sikunamveke kanthu. Kukhola nakonso kunali zii, njati sinkalira, kusonyeza kuti dzulo inadya. Apo ndi pamene anazindikira kuti chiyambire m'mawa sanamve lichero kapena chifuwa cha a Bachuli.

"Bambo a Mamta, udzu wa njati akumweta ndani?"

"Amayi. Chigonekedwe iwe kuchipatala akupita ndi iwo. Nanga tikanatani?"

"Kukhwawa?"

"Udzu uli komweko."

Hansi anagwira dzanja la mwamuna wake, nalifinya mpaka iye anadabwa.

"Akuimba?"

Bhuwan anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, natola kapu, naimirira. Anakonza malaya ake atsopano aja.

"Ndawapempha asachite phokoso," anatero. "Njovu zangoyamba kumene kuzolowera."